BOKOSI LA PA NGOLO

Lero tikambirana za kakhomedwe ka bokosi losungiramo katundu pa ngolo.

Ambiri a inu mwaonapo magalimoto a alendo opita kukaona nyama ku Majete kapena ku Lengwe. Ena mwa magalimotowo ali ngati nyumba yoyenda, pakuti m'katimo muli pogona, pophikira ndi makabati. Ku South Africa ndi ku Ulaya eni ace ambiri amakhoma okha makabatiwo. Tsono kabati ya m'galimoto isiyana ndi ya m'nyumba. Ya m'nyumba ingokhala pakhoma zaka ndi zaka, koma ya m'galimoto igwedezeka tsiku lonse. Cifukwa cace iwo amaipanga yopepuka, naimangirira zolimba ku thupi la galimoto, naika cokowera pa citseko ciri conse.

Ife kuno galimoto yathu ndiyo ngolo. Ndiyo itenga thonje kumka nalo kumsika, ndiyo itula mapira pakhomo, ndipo tsiku la madzi ndiyo isamutsa banja. Simunaiwale madzi a mu Januwale 2015, kapena namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Pa tsiku lotere munthu aponya katundu pangolo mothamanga, ndipo zimene zimatayika kapena kunyowa ndizo zazing'ono zofunika: mbeu, ziphaso, mabuku a kucipatala, mankhwala a odwala. Madzi akaphwa, dimba likhala ndi cinyontho cabwino, koma mlimi wopanda mbeu angoonerera anzace akubzala.

Poyamba yesani ngolo yanu. Musatenge muyeso wa ngolo ya mnansi wanu, pakuti amisiri sakhoma ngolo zofanana. Bokosi likhale kutsogolo, mopingasa, litatsamira thabwa la kutsogolo, kuti woyendetsa azikhalapo ngati mpando. M'litali mwace mucepe ndi inchi imodzi poyerekeza ndi m'kati mwa ngolo, kuti lizilowa ndi kuturuka popanda kumenya. M'lifupi mwace mainchi 18 akwanira, ndi msinkhu mainchi 16. Ena adzati n'laling'ono. Kumbukirani mbiri ya kwanu konkuno. Zaka za m'ma 1880 ndi 1890 masitima a pamadzi a kampani ya Mandala ankatsitsa katundu pa doko la kwa Katunga, ndipo katunduyo ankakwera phiri kumka ku Blantyre pamitu pa amtengatenga. Mitolo ankaimanga molingana ndi mphamvu ya munthu mmodzi. Inunso bokosi lanu likhale loti amai ndi mwana wamkulu angathe kulinyamula litadzaza, cifukwa tsiku lina ngolo idzatitimira m'matope abambo kulibe.

Tsono za matabwa. Tsanya ndi mtengo wolimba ndipo ciswe siciukonda, koma ulemera kwambiri, ndipo ukana msomali; usiyeni ukhale wa mizati. Ndiponso mudziwa kuti kudula mtengo m'nkhalango ya Lengwe ndi mlandu. Paini ndi wopepuka ndi wosabvuta kuceka, koma ciswe cimkonda. Nimu amene ambiri munabzala pakhomo apatsa matabwa abwino, osalemera kwambiri, ndipo tizirombo sitimdya msanga. Pa ife tikuti nimu aposa, ngati muli naye wamkulu. Matabwa akhale ocindikala inchi imodzi kapena kucepera pang'ono. Cacikulu n'cakuti akhale ouma. Thabwa laliwisi limafota pouma, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno kwathu silicedwa kutsegula mipata yolowa cala pakati pa matabwa amene munawalumikiza bwino mu Juni. Asanjikeni pamthunzi, ndi timitengo pakati pace, kufikira atapepuka.

Apa mumvetse bwino, pakuti ndi pamene mabokosi ambiri aonongekera. Musakhome thabwa kumapeto kwa thabwa linzace monga ticitira ndi bokosi la m'nyumba. Msomali wolowa kumapeto kwa thabwa sugwira, ndipo ngolo ikadumpha m'maenje a mseu wa dothi, misomali yotere ituruka yokha pang'ono pang'ono. Dulani timizati tinai ta mainchi 2 mbali zonse, tikhale m'ngondya m'kati mwa bokosi, ndipo thabwa liri lonse mulikhomere pa kamzati. Misomali ikhale yaitali kuti ibooze, ndipo nsonga yace muipinde ndi nyundo kumbuyo. Pa thabwa louma kwambiri yambani mwaboola kabowo kakang'ono, kapena fwifwitsani nsonga ya msomali, kuti thabwa lisang'aluke. Pansi pa bokosi khomani timitanda tiwiri, kuti bokosi lisagone pa madzi amene amaima pa ngolo mvula ikagwa.

Cibvundikiro cipitirire bokosi ndi inchi imodzi mbali zonse, ndipo m'mphepete mwace mukhome kathabwa kolendewera pansi, monga denga lipitirira khoma. Pamwamba pace yalani lata lakale loongola bwino, m'mphepete mutapinda kuti lisaceke ana. Mahinjesi a m'sitolo ndi abwino, koma zidutswa ziwiri za tayala lakale zigwira nchito yomweyo ndipo sizicita dzimbiri. Musasiye cokowera ca loko. Si cifukwa ca akuba okha ai. Cibvundikiro cosakowera cimadumpha, ndipo zam'kati zimwazika m'njira inu osadziwa.

Kunja kwa bokosi pakani penti kapena oilo wakuda wotsala m'injini, makamaka pansi ndi kumapeto kwa matabwa kumene madzi alowera. M'kati musapake oilo konse, cifukwa pfungo lace lilowa mu ufa.

M'katimo gawani zipinda ziwiri ndi thabwa limodzi. Cipinda cacikulu n'ca mbeu ndi kamba wa paulendo: ufa, mcere, mpoto ndi mbale. Mbeu ya cimanga, nyemba kapena mapira ikhale youma ndithu, m'cigubu cotseka bwino, cifukwa bokosi la matabwa silichinga madzi likamira. Cipinda cacing'ono n'ca mapepala, mankhwala a kucipatala, toci ndi macesi, zonse m'pepala la pulasitiki lomanga kukamwa. Mipata yotsala tsekani ndi nsanza kuti zinthu zisagundane. Koma mankhwala opopera thonje asalowe m'bokosi limeneli ngakhale tsiku limodzi. Botolo likadontha, matabwa amwa mankhwalawo, ndipo simungathe kuwatsuka.

Pomangirira bokosi ku ngolo musakhulupirire cingwe, pakuti cimalefuka. Boolani mabowo anai pansi pa bokosi opyola matabwa a ngolo, nimuike mabauti. Pansi pa mutu wa bauti ikani kacitsulo kafulati kapena kadutswa ka tayala kuti mutuwo usadye thabwa. Nyengo ya thonje ikafika mumasula mabauti, bokosi nkulowa m'nyumba, likhale pa njerwa kuopa ciswe. Sipanala yace ikhale m'bokosi momwemo.

Mawilo a ngolo ndi awiri okha, tsono ngolo iri ngati sikelo. Katundu akacuruka kutsogolo, goli lipsinja makosi a ng'ombe kapena abulu, ndipo zilonda ziyamba. Akacuruka kumbuyo, mtengo wokokera unyamuka, zingwe nkumakoka ng'ombe pakhosi. Popeza bokosi liri kutsogolo ndipo munthu akhalapo, zolemera zonse ziikeni pamwamba pa citsulo ca mawilo kapena kumbuyo kwace pang'ono. Cigubu ca malita 20 cilemera makilogalamu 20 cikadzaza madzi, ndipo thumba la cimanga ndi makilogalamu 50. Zimenezi si za m'bokosi. Musanamange ng'ombe, yesani kunyamula mtengo wokokera. Mwamuna mmodzi aziunyamula osabvutika, koma uzimlemera pang'ono m'manja.

Inu mafumu ndi anyakwawa, si banja liri lonse liri ndi ngolo. Itanani anthu anu mvula isanayambe, muwerenge ngolo za m'mudzi, ndipo mugwirizane kuti ngolo yakuti idzatenga nkhalamba yakuti ndi mbeu za mabanja akuti. Eni ngolo amene ali ndi matabwa otsala athandize mmisiri wa m'mudzi kuti akhome mabokosi angapo nthawi imodzi, pakuti kutero kucepetsa mtengo. Uzaninso anthu anu kuti bokosi si bwato. A zanyengo akacenjeza pa wailesi, ngolo inyamuke kumka kumtunda njira ikadali youma. Madzi othamanga ofika m'maondo a munthu akhoza kukankha ngolo ya matayala, ndipo ng'ombe zomangidwa m'goli sizingathe kudzipulumutsa.

Mwezi wa Novembala usanathe, tsegulani bokosi, muone ngati anankafumbwe alowa m'mbeu, mumange mabauti amene alefuka, ndi kuthira mafuta pang'ono mu loko.