Za Lamya Yatsopano ndi Timabwato ta pa Nyanja

Pa Magaleta, m'dziko la Neno, anyamata akagulitsa manacesi, nkhani yao ndi imodzi: kugula lamya ya m'manja yatsopano. Tsiku lina tinakhala nao pa khonde la sitolo. Wina anadandaula kuti yace siinaonongeke ai, koma kuyambira October 2023 WhatsApp analeka kugwira nchito pa lamya zakale za Android 4.4, ndipo mau a mlongo wace wa ku Johannesburg safikanso. Kumeneko ndiko kusowa koona, pakuti mlongoyo ndiye alipirira ana sukulu.

Mnzace afuna yatsopano cifukwa ca zithunzi cabe. Anaona pa Facebook alendo alikupalasa timabwato topyapyala, tochedwa kayak, pa Cape Maclear kunka ku cilumba ca Mumbo, ndipo mtima wace uli komweko. Timabwatoti anayamba kale ndi a Inuit a ku maiko a cisanu. Ankakuta mitengo ndi zikopa za nyama za m'nyanja kuti akasakire.

Mkulu wina anaseka nati: "Iwe mwana wa kumapiri, Mkulumadzi akadzaza suoloka. Ukakaigwetsa m'nyanja lamyayo, manacesi a caka conse apita." Mnyamatayo anawerenganso ndalama zace, nangogula batire.