PENTI WA PA ZITSULO ZONYAMULA ANGATHE KUDWALITSA ANA

Masiku ano anyamata ambiri, m'midzi ndi m'matauni momwe, amakonda kunyamula zitsulo pofuna kulimbitsa thupi. Popeza zitsulo za m'sitolo n'zokwera mtengo, iwo amapanga zawo. Ena amathira simenti m'zitini ziwiri ndi kuzilumikiza ndi paipi, ena amatola zitsulo za galimoto zakutha. Akatero amazipaka penti kuti zisachite dzimbiri. Masewerawa ndi abwino ndithu, koma penti wosasankhidwa bwino angathe kubweretsa matenda pakhomo.

Mitundu ina ya penti wamafuta, makamaka wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, imakhala ndi mtovu. Mtovu ndi poizoni amene munthu sangamzindikire ndi maso kapena ndi mphuno. Chitsulo chikamaponyedwa pansi tsiku ndi tsiku, penti uja amasupuka nasanduka fumbi. Fumbilo limatsalira m'manja mwa wonyamula ndiponso m'dothi la pabwalo, pomwe ana amakwawa ndi kusewera, uku akuika zala m'kamwa.

Thupi la mwana limayamwa mtovu wambiri kuposa la munthu wamkulu. Mtovuwo umaononga ubongo, kotero kuti mwana amachedwa kuyankhula ndipo amavutika kumva za kusukulu. Umachepetsanso magazi ndi kupweteketsa m'mimba, ndipo ukachuluka mwana amakomoka. Mwa akulu umaononga impso ndi kuyambitsa kuthamanga kwa magazi. Mayi wapakati amaupatsira kwa mwana wosabadwa. Bungwe la WHO limanena kuti mtovu ndi woopsa ngakhale utakhala wochepa chotani m'magazi, ndipo ubongo ukaonongeka nawo subwereranso mwakale.

Tsono wopanga zitsulo ayenera kutsata izi:

1. Agule penti amene pachitini pake palembedwa kuti alibe mtovu. Penti wotsala wa galimoto kapena wa m'chitini chopanda dzina asamgwiritse ntchito.

2. Asapale penti wakale ali wouma, ndipo asamuotche pamoto. Ayambe wanyowetsa chitsulocho, apalire papepala, nataye zopalazo kumene ana safika.

3. Apake ali panja pa mphepo, kutali ndi moto, ndipo adikire kuti pentiyo aumitsitse.

4. Asapake oyilo wakutha wa galimoto, pakuti amaononga khungu ndi kuteretsa chogwirira. Asasungunulenso mtovu wa m'mabatire kuti chitsulo chilemere.

5. Asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo zitsulo azisunga kutali ndi khitchini ndi ana.

Wotemeka ndi chitsulo atsuke bala ndi madzi ndi sopo, napite kuchipatala kukafunsa za katemera wa kafumbata. Makolo amene mwana wawo wakhala akutafuna zidutswa za penti apite naye kusikelo msanga, osadikira kuti adwale, ndipo akafotokozere adokotala zimene wakhala akudya.