Ubongo umameretsa mitsempha yatsopano munthu akadwala sitiroko

Poyendera odwala m'makomo, ife alangizi a zaumoyo timapeza anthu ofa ziwalo mbali imodzi atangogonekedwa pamphasa. Achibale amawasambitsa ndi kuwadyetsa, koma mumtima anataya kale chiyembekezo. Dziwani kuti m'masabata oyambirirawa, m'mutu mwa wodwalayo mumakhala mukuchitika ntchito yaikulu yokonza, ndipo ntchitoyi imafuna thandizo lanu.

Kodi sitiroko imaononga chiyani?

Sitiroko imachitika mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Ubongo supirira njala. Paokha umagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wa okosijeni umene thupi lonse limafuna. Choncho maselo a pamalo pamene magazi asiyiratu kufika amafa m'mphindi zochepa, ndipo sadzukanso. Koma m'mbali mwa malo akufawo mumatsala maselo ena amene akulandirabe magazi pang'ono. Amenewa ndi ofooka, koma amoyo.

Mitsempha yatsopano imamera bwanji?

Maselo osowa mpweyawo amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF. Puloteniyi ikafika pa timitsempha tabwino tapafupi, timayamba kuphuka nthambi zolowera kumalo ovulala, monga mmene mlimi wa kudimba amakumbira tingalande tofikitsa madzi pamene pauma. Kuphukaku kumayamba patangopita masiku 3 kapena 4 ndipo kumapitirira kwa masabata angapo. Poyamba timitsempha timeneti timakhala tanthete ndiponso todontha, kenaka timakhwima pang'onopang'ono.

Magazi akayamba kufika, maselo otsala aja amapeza mphamvu zolumikizana mwatsopano ndi kuphunzira ntchito imene inkagwiridwa ndi maselo akufa. M'chaka cha 1994, Dr Jerzy Krupinski ndi anzake anayeza ubongo wa anthu omwalira atadwala sitiroko. Anapeza kuti amene anali ndi timitsempha tambiri m'mbali mwa malo ovulala ndiwo anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo.

Mankhwala ovomerezeka omeretsa mitsemphayi kulibe. Koma kafukufuku wochitidwa pa makoswe anaonetsa kuti kulimbitsa thupi kumachulukitsa timitsempha tatsopano mu ubongo. Kwa anthu, kuchira kwambiri kumaoneka m'miyezi 3 yoyambirira, ngakhale kuti ena amapitirizabe kupeza bwino kupyola miyezi 6.

Nanga osamalira wodwala achite chiyani?

1. Achipatala akangovomereza, yambani mafizo. Mkhazikeni tsonga, muimiritseni, kenaka ayende pang'ono mutamugwirizira. Musamukoke mkono wofookawo chifukwa phewa limagweduka.
2. Mulimbikitseni kugwiritsa ntchito dzanja lofooka: agwire kapu, atole nyemba, ayesere kumanga batani. Kumuchitira zonse n'kumubwezera m'mbuyo.
3. Muzilankhula naye tsiku ndi tsiku, ngakhale mawu ake asamveke.
4. Amwe mankhwala a BP ndi a shuga mosadumphitsa, achepetse mchere, ndipo asiye fodya. Zinthu zimenezi zimaononga mitsempha ndipo zingabweretse sitiroko ina.

Kwa amene ali ndi HIV

Kafukufuku wochitidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti HIV ndi BP ndi zina mwa zifukwa zikuluzikulu za sitiroko kuno kwathu, ndipo HIV imakhudza kwambiri achinyamata. Wodwala sitiroko asasiye ma ARV. Ngati akutsamwa pomeza, auzeni achipatala msanga.

Pomaliza, mukaona munthu wapindika kukamwa, mkono wafooka kapena lilime lalemera mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Maselo amene apulumuka tsiku loyambalo ndi omwe mitsempha yatsopano idzawapeze amoyo.