Kuzizira komwe kudadikirira zaka 70

Mwana wina wa Fomu 3 adandifunsa tsiku lina: "Aphunzitsi, kodi kuzizira kuli ndi polekezera?" Polekezera palipo ndithu. Kutentha ndi kuthamangathamanga kwa maatomu, tinthu ting'onoting'ono tomwe timapanga chilichonse. Maatomu akamafooka liwiro, chinthu chimazizira, ndipo malire ake ndi madigiri 273.15 pansi pa ziro. Palibe adafikapo, koma pafupi penipeni pamachitika zachilendo.

Mu 1924, Satyendra Nath Bose, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Dhaka, adatumizira Albert Einstein masamu ake okhudza kuwala. Einstein adawamasulira m'Chijeremani, nkuwasindikizitsa, kenako adawayesa pa mpweya. Masamuwo adaonetsa kuti maatomu a mtundu wina akazizira kwambiri amasiya kuyenda aliyense payekha. Amaunjikana m'khalidwe limodzi, osasiyanitsika, ngati atomu imodzi yaikulu. Vuto lidali loti panalibe firiji yofika kumeneko.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi njira yomwe adadzapeza. Tidazolowera kuti kuwala kumatenthetsa, koma apa kumaziziritsa. Asayansi amaika mpweya wochepa m'kabokosi ka galasi kopanda mpweya wina, nkuuwomba ndi kuwala kwa leza kuchokera mbali zisanu ndi imodzi. Atomu ikathamangira kulikonse imakumana ndi kuwala koikankhira m'mbuyo, ngati munthu wolimbana ndi mphepo mbali zonse. Kenako amazimitsa leza, nkugwira maatomuwo ndi maginito kuti asakhudze galasi. Apa amalola otentha kwambiri kuthawa, otsalawo nkuzizira. Aliyense amene adauzirapo phala lamoto wachitapo zomwezi: nthunzi imachoka ndi kutentha.

Pa 5 June 1995, ku Boulder m'boma la Colorado ku America, Eric Cornell ndi Carl Wieman adaziziritsa maatomu a rubidium pafupifupi 2,000 mpaka magawo 170 mwa magawo 1 biliyoni a digiri imodzi pamwamba pa malire aja, ndipo zomwe Einstein adalosera zidaoneka. Patangopita miyezi yochepa Wolfgang Ketterle wa ku MIT adachitanso ndi sodium. Atatuwa adalandira mphoto ya Nobel mu 2001. Bose, mwini masamu, adamwalira mu 1974 osailandira, zomwe mpaka pano zimandiwawa.

Nanga phindu? Mu 1999 Lene Hau ndi anzake adadutsitsa kuwala m'kamtambo kotere ka sodium. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, koma m'menemo kudayenda mamita 17 okha pa sekondi. Minibasi ya pa msewu wa M1 ikadakupitirira.