Musataye msanga chubu cha peyala

Amayi ndi abambo a ku Ulongwe, Domwe ndi midzi ya m'malire, lero tikambe za mbande ya peyala. Peyala lili ndi mafuta opatsa mphamvu. Mukalikanyira m'phala, mwana amanenepa bwino. Koma ambiri timataya chubu msanga poganiza kuti nthanga yafa.

Bzalani nthanga m'dothi losakaniza ndi manyowa, kosongoka kuloze kumwamba. Pamatha masabata 4 mpaka 8 musanaone kanthu, ndipo kukazizira imachedwa koposa. Choyamba nthanga imang'ambika pakati. Sinaole ayi, ndi muzu umene ukutulukira pansi. Kenaka pamatuluka kamphukira kofiirira. Masamba oyamba nawonso amakhala ofiirira, n'kudzabiriwira pokhwima.

Masamba akachita chikasu, kawirikawiri madzi achuluka. Boolani chubu kunsi. Mbande ikatalika moonda, ikusowa dzuwa. Mu Juni ndi Julayi chisanu cha kuno chimawaula masamba, choncho imangireni kachisakasa ka udzu.

Okerani mvula ikakhazikika. Funsaninso alangizi za kumezanitsa, chifukwa mtengo womezanitsa umabereka msanga. Ana akudikira mapeyalawo.