Kompyuta ikafa mawa, kaundula wa bizinesi yanu adzapulumuka?

M'mashopu ena ogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi, kope la ngongole lija linapuma kalekale. Katundu wolowa ndi wotuluka, mayina a okongola komanso ndalama za tsiku zimalembedwa pa kompyuta. N'chimodzimodzinso m'sukulu zomwe si zaboma ku Area 25, kwa ojambula zithunzi ku Kawale ndi kwa otaipa makalata ku Chinsapo. Koma mukafunsa eni ake kuti zolembazo zilinso kuti kupatula m'kompyutamo, ambiri amangokanda kumutu.

Chonsecho makina ambiri amene timagwiritsa ntchito ndi ogula kwa ena, okalambira kunja. Amalimbana ndi fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa October, komanso kuzimazima kwa magetsi, komwe anthu sanaiwale mmene kunafikira poipa namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Magetsi akathima pamene pulogalamu ili mkati molemba, fayilo imatha kuonongeka osatsegukanso, ngakhale kompyutayo iyake bwinobwino.

Choyamba kumvetsa n'chakuti pulogalamu ndi mafayilo ake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pulogalamu ili ngati chigayo, mafayilo ndiwo chimanga chanu. Chigayo chikafa mumapita kwina kukagayitsa, koma chimanga chikatayika palibe mwini chigayo angakubwezereni. QuickBooks, Excel kapena Outlook mutha kuikanso pa makina ena tsiku lomwelo. Mndandanda wa ana amene sanamalize fizi ulibe kokaugula.

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Munthu amakoka kachizindikiro ka pulogalamu kamene kali pa desktop, n'kukaponya mu fulashi, mtima n'kukhala m'malo. Kachizindikiroko ndi kalozera chabe, ngati chikwangwani cha pamsewu, ndipo mulibe ngakhale dzina limodzi la kasitomala. Ena amakopera foda yonse ya Program Files, osadziwa kuti mapulogalamu ambiri sasunga ntchito yanu mmenemo.

Nanga ntchitoyo imakhala kuti? Zimatengera pulogalamu. QuickBooks ya pa kompyuta imasunga zonse za bizinesi mu fayilo imodzi yothera ndi zilembo za .qbw, ndipo pa menyu ya File pali lamulo lopangira backup, lomwe limatulutsa fayilo yothera ndi .qbb. Outlook yakale imasunga makalata ena mu fayilo ya .pst, kawirikawiri mu foda ya Outlook Files mkati mwa Documents. Mapulogalamu ena, monga Thunderbird ndi Firefox, amabisa zawo mu foda ya AppData, yomwe Windows saionetsa pokhapokha mutaifuna. Mukalemba %appdata% pamalo ofufuzira zinthu mu Windows, fodayo imatseguka. Ngati pulogalamu yanu anakupangirani munthu wina, monga zimakhalira ndi za m'sukulu ndi m'mafamase, mufunseni lero, musanasemphane naye njira, kuti akuonetseni pamene zolemba zimakhala.

Pulogalamu ikakhala ndi njira yakeyake yopangira backup, gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imadziwa zonse zoyenera kutengedwa. Ngati mukukopera nokha, yambani mwaitseka pulogalamuyo. Fayilo yokopedwa ili yotsegula imatha kuoneka yathunthu koma ili yoduka mkati.

Funso lalikulu ndi la kokasunga. Amisiri okonza makompyuta amakonda kugawa disiki pawiri, C ndi D, n'kulangiza kuti zofunika muziika mu D. Malangizowa amathandiza pamene Windows yasokonezeka ndipo pafunika kufomata C, koma zigawo ziwirizi zili pa chitsulo chimodzi. Disiki ikafa, zimafera limodzi. Ndipo musanasiye makina kwa mmisiri, muuzeni momveka kuti muli mafayilo osayenera kufufutidwa, poti AppData ija ili mu C momwemo.

Katswiri wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo lotchedwa 3-2-1: mafayilo akhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo malo amodzi akhale kutali ndi ena onsewo. Kwa wabizinesi wa ku Area 23, izi zingatanthauze kompyuta ya m'shopu, fulashi kapena hard drive yonyamula pamanja yomwe imakagona kunyumba, ndi intaneti. Fulashi yosiyidwa pa kompyuta usiku wonse si chitetezo, chifukwa wakuba akathyola chitseko amanyamula zonse pamodzi. Chenjeraninso ndi mafulashi otchipa modabwitsa. Ena amalembedwa kuti ndi a 64 GB pamene malo ake enieni ndi ochepa, ndipo akadzaza amaononga zolowamo mwakachetechete.

Za intaneti ambiri amadandaula bandulo, ndipo kudandaulako n'komveka kwa wojambula mavidiyo a maukwati. Koma fayilo ya kaundula wa shopu yaing'ono nthawi zambiri imachepa poyerekeza ndi mavidiyo amene timatumizirana pa WhatsApp. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, ya OneDrive 5 GB. Chosaiwala n'chakuti foda yomwe imadzifananiza yokha ndi intaneti imatsanzira chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Mukafufuta fayilo molakwitsa, kumtambo kujanso imachoka, ndipo muli ndi masiku owerengeka oibwezera. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga makope angapo olembedwa madeti, osati kumangopondereza limodzi lomwelo. Vuto lolowa Lachiwiri n'kudziwika Lachisanu limafuna kope la Lolemba.

Palinso mavairasi amene amatseka mafayilo n'kufuna dipo. Mu February 2024, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti anasokonezedwa ndi anthu amene ankafuna ndalama, ndipo Amalawi anakhala milungu ingapo osalandira ziphaso. Vairasi yotere ikalowa m'kompyuta, imatseka ndi fulashi iliyonse yolumikizidwa pa nthawiyo. Mukamaliza kukopera, izuleni.

Gawo limene pafupifupi aliyense amalidumpha ndi kuyesa. Mu 1998, kampani ya Pixar inatsala pang'ono kutaya kanema wa Toy Story 2 pamene lamulo lolakwika linafufuta mafayilo ambiri, ndipo atathamangira ku backup anapeza kuti sinkagwira bwino ntchito. Anawapulumutsa ndi Galyn Susman, wantchito amene ankagwirira kunyumba atabadwitsa mwana, yemwe anali ndi kope pa kompyuta yake. Ngati zinagwera akatswiri otere, kamodzi pa mwezi tengani backup yanu, itseguleni pa kompyuta ina, muone ngati malonda a sabata yatha akuoneka.

Kope limene likutuluka m'shopu kapena m'sukulu lili ndi mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu ena, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu. Fulashi imagwa mosavuta m'minibasi ya ku Mgona. Ikani password pa fayiloyo, ndipo password-yo muilembe pamalo obisika amene mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa bizinesi akuwadziwa.