Kulumikiza kibodi ya mpingo ku kompyuta: yambani mwasunga, kusintha kubwere pambuyo

Mipingo yathu yambiri ku Sasare, Petauke ndi Nyimba tsopano ili ndi kibodi. Ina inagulidwa ndi zopereka za masika, ina ndi mphatso ya ana athu a ku Lusaka ndi ku Migodi. Timaifunditsa citenje ndi kuitsekera m'nyumba ya abusa, koma ndi ocepa amene amaganizira zimene zili m'kati mwake. Woimba kibodi amatha miyezi akusankha mawu oyenera nyimbo iliyonse, liwiro la ng'oma, ndi kiyi imene amayi a Cigwirizano angafikire osapweteka pakhosi. Zonsezi amazisunga m'mabatani a Registration Memory. Kibodi ikapsa, kapena mmisiri akaikonza n'kuibwezera mmene inacokera ku fakitale, nchito yonseyo imafafanizika. Kompyuta ingatithandize kuisunga, kuisintha ndi kuisamutsa.

Coyamba timvetse cimene cimayenda m'nthambo. Makibodi ndi makompyuta amalankhulana m'cinenero cochedwa MIDI. Cinayamba mu 1983, ndipo amene anacitsogolera ndi Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan. MIDI sinyamula mawu enieni amene timamva pa sipika. Imanyamula malangizo okha: batani liti lakanikizidwa, mwamphamvu bwanji pa muyeso wa 0 mpaka 127, ndiponso pa njira iti mwa njira 16. Zili ngati manotsi a solofa: pepala siliimba, amaimba ndi munthu amene walilandira. N'cifukwa cake fayilo imodzi ya MIDI imamveka mosiyana pa Yamaha ndi pa Korg.

Tsopano yang'anani kumbuyo kwa kibodi yanu. Pa makibodi a Yamaha PSR, amene makwaya ambiri amagwiritsa nchito, mungapeze zibowo za mitundu itatu. Colembedwa USB TO HOST ndico ca kompyuta, ndipo cimalandira nthambo yonga ya printa, yosapitirira mamita 3. Colembedwa USB TO DEVICE n'ca flashi. Makibodi akale ndi ena akuluakulu ali ndi zibowo zozungulira za mano asanu, MIDI IN ndi MIDI OUT. Izi zimafuna nthambo yapadera ya USB-MIDI, ndipo lamulo lake n'lakuti uthenga wotuluka pa OUT ulowe pa IN. Mukaona kuti palibe cikuyenda, sinthanitsani mapulagi awiriwo musanaganize kuti kibodi yafa.

Polumikiza, tsekani mapulogalamu onse pa kompyuta, lowetsani nthambo kibodi ili yozima, kenako iyatseni. A Yamaha amalangiza kudikira masekondi 6 kapena kuposerapo pakati pa kuzimitsa ndi kuyatsanso, kapena pakati pa kuzula nthambo ndi kuilowetsanso. Ngati kompyuta siikuona kibodi, ikani driver wa kibodiyo, amene amapezeka mwaulere pa webusaiti ya kampani yake. Kumene netiweki imavuta, monga midzi ina ya ku Sasare, koperanitu zonse mukapita ku boma ku Petauke kapena ku Nyimba.

Nchito yoyamba ndi kusunga, ndipo kacitidwe kake kamadalira mtundu wa kibodi. Makibodi ena ang'ono opanda cibowo ca flashi amagwiritsa nchito pulogalamu yaulere ya Musicsoft Downloader pa kompyuta ya Windows. Pulogalamuyi imakoka fayilo yothera ndi .BUP, mmene muli zonse zimene woimba anasunga. Musasinthe dzina la fayiloyi, cifukwa kibodi siidzaizindikira poibwezera. M'malo mwake lembani dzina la mpingo ndi tsiku pa foda imene mwaisungamo. Makibodi akulu monga PSR-S670 kapena PSR-SX700 amasunga pa flashi, ndipo inu mumangokopera za pa flashiyo ku kompyuta. Akale monga Korg M1 ndi Yamaha DX7 amatumiza mawu awo onse kudzera mu uthenga wochedwa SysEx, umene pulogalamu yaulere ya MIDI-OX imatha kulandira ndi kusunga. Amenewa musacedwe nawo, cifukwa cikumbumtima cawo cimadalira kabatire ka m'kati, ndipo kakatha mawu onse amapita nako.

Mukasunga, ndiye mungayambe kusintha. Mungafewetse mawu a limba kuti asamize kwaya, kucepetsa mamvekedwe obwerezabwereza m'chalichi ca malata, kapena kuonjezera ng'oma zatsopano, zimene mafayilo ake pa Yamaha amathera ndi .STY. Pa makibodi akulu aja pali pulogalamu ya Yamaha Expansion Manager, imene imalola kupanga mawu anuanu kucokera ku zojambulidwa za WAV. Izi zikutanthauza kuti ng'oma yathu, kapena kalimba ya Cinsenga imene John Blacking anailemba m'magazini ya African Music mu 1961, ingajambulidwe n'kulowetsedwa mu kibodi. Koma dziwani kuti kuika mtolo watsopano wa mawu kumafafaniza mtolo umene unalimo kale. Cimodzimodzi kubwezera fayilo ya .BUP kumalemba pamwamba pa zonse zimene zili mu kibodi tsiku limenelo.

Mdani wamkulu pa nchitoyi ndi magetsi. Tonse tikukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Magetsi akazima kibodi ili pakati polemba, fayilo imaonongeka, ndipo nthawi zina kibodi imakana kuyaka bwino. Conco musasamutse zinthu pa jenereta imene mafuta ake atsala pang'ono, kapena pa batire ya sola itafooka madzulo. Laputopu ikhale yodzaza, ndipo musazule nthambo kapena flashi mpaka kibodi itaonetsa kuti yatsiriza.

Cenjeraninso ndi mafayilo oyenda m'magulu a WhatsApp. Fayilo ya .BUP ya mtundu wina wa kibodi si ya kibodi yanu, ndipo ng'oma zopangidwira kibodi yaikulu zingamveke zopereweza pa yaing'ono. Flashi imene yazungulira m'mashopu okopera nyimbo ingalowetse mavairasi mu kompyuta ya mpingo. Ndipo mitolo ina ya mawu ndi yogulitsa. Kuitenga kwa mnzathu osalipira mwini wake ndi kuba ndithu, ngakhale tikaiimbire Mulungu.

Cotsiriza cikukhudza akulu a mpingo. Kibodi ndi katundu wa mpingo, ndipo zosungidwa m'kati mwake ndi za mpingo cimodzimodzi. Mnyamata woimba lero, mawa adzapita ku koleji kapena kukakwatira kutali. Tikupempha kuti mpingo uliwonse ukhale ndi makope awiri, imodzi pa kompyuta, ina pa flashi yosungidwa ndi mlembi pamodzi ndi mabuku a mpingo, ndipo muziwakonzanso pakapita miyezi itatu iliyonse komanso kibodi isanapite kwa mmisiri kapena kukaimba ku ukwati. Mutu umodzi susenza denga, conco acinyamata awiri kapena atatu, anyamata ndi atsikana, aphunzire nchitoyi. Mpingo umene ulibe kompyuta upemphe aphunzitsi a pasukulu yapafupi kapena mpingo woyandikana nawo. Ndi nchito ya masana amodzi, ndipo ndi bwino kuicita kibodi ikali kuyaka.